Foni Yanga Inalibe Loko

Loweruka, 12 Julayi

Foni yapita.

Ndilembe mwadongosolo chifukwa mutu ukuwira. Ndinapita ku Entre Lagos kukagula makapulana, zitenje zija, ndi ulusi, madiresi a chikwati cha kwa a Khalidi andipanikiza. Foni ndinaiika m'chikwama cha m'khwapa, pamwamba pa nsalu. Sitima itafika anthu anakhamukira kunjanji ngati nkhuku zaona madeya, wina kundiponda, wina kundigunda ndi dengu la tomato. Potuluka m'chipwirikiticho, zipi ili yasa. Foni mulibe.

Ndinakuwa, sindibisa. Ndikhulupirira mpaka a ku Nayuchi, kutsidya ku Malawi, anamva. Ndinakwera pa thumba la chimanga la mwiniwake n'kulengeza kuti amene watenga foni ya Zodiwa telala wa ku Chiuta manja ake adzauma, ndipo foniyo si yanga ndekha, muli mauthenga a anthu. Anyamata a njinga kuseka. Mayi wina wa mandasi akuti, "Pepani mayi, koma kukuwa sikubweza foni." Ndinamuuza kuti mandasi ake ndi a dzana.

Ndalama za m'foni sindikudandaula nazo, zili ndi pini yake. Vuto ndi loti foniyo ilibe loko. Ndinachotsa ndekha chaka chatha. Pamudzi pano foni ya Watsapu ndi yanga ndi ya aprofesora Ivone, aphunzitsi aja, basi, ndipo kwa aprofesora anthu amaopa kugogoda. Ndiye azimayi onse amene amuna awo ali ku Joni kapena ana awo ku Nampula amabwera kwa ine kudzamvera mawu ndi kuyankha. Ine phazi lili pa makina, mapini kukamwa, wina uyo, "Yazima, tatsegulaninso." Ndinatopa. Ndinati foni si banki.

Ndili pa njinga yamoto pobwerera ndi pamene ndinakumbukira Nafisa.

Nafisa, mwana wa a Anisa oyandikana nane. Anathawa mwamuna wake Adamu mu Epulo atamuthyola mkono. Ali ku Cuamba, akuphikira adona ena, ndipo odziwa ndife awiri, mayi ake ndi ine. Amatumiza mawu pa foni yanga, a Anisa amabwera Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti kudzamvera. M'mawuwo muli zonse. Dera, msewu, dzina la adona, ngakhale chithunzi ataima pa geti labuluu. Sindinafufute ngakhale limodzi chifukwa a Anisa amakonda kubwereza akale.

Ndipo nambala yake ndinailemba kuti "Nafisa Cuamba". A Anisa anandipempha kuti ndilembe dzina lina, kaya la wogulitsa ulusi. Ndinawayankha kuti ine sindine munthu wa zobisabisa, chinthu ndimachitchula dzina lake.

Chitsiru.

Lamulungu, 13 Julayi

Kutchalitchi sindinapite. Ndinapita kwa a Anisa, ndinawapeza akutembenuza matemba pa thandala. Sindinazungulire.

"A Anisa, foni yabedwa."

Anayamba apukuta manja pa kapulana. "Mawu a mwana wanga ali momwemo?"

"Onse."

"Ndi dzina lija?"

"Ndi dzina lija."

Sananditukwane. Bola akananditukwana, ndikanadziwa poyankhira. Anangokhala pansi n'kufunsa ngati nambala ya Nafisa ndili nayo pamtima kuti timuchenjeze. Ndilibe. Iwonso alibe, manambala sawerenga. Sitinailembe papepala chifukwa tinkaopa kuti pepala lingapezeke ndi Adamu. Tangoganizani. Pepala tinaliopa, foni yotseguka ngati khomo la msika sitinaiope.

Masana ndinameza manyazi n'kupita kwa aprofesora Ivone. Ndakhala ndikuwanena kuti amayenda ngati pansi pali minga, koma lero andikhazika pampando n'kundipatsa tiyi. Anaimba nambala yanga. Inaitana, wina anadula. Analemba pa Watsapu kuti mwini foni akuifuna, palibe mlandu. Pasanathe mphindi zisanu, timizere tiwiri tabuluu. Ndiye kuti wina akuwerenga, akuyenda m'foni mwanga ngati m'nyumba ya amake.

Aprofesora akuti pali njira yofufutira zonse uli kutali, koma pamafunika imelo imene inatsegulira foniyo ndi senya yake, mawu achinsinsi aja. Ine imeloyo sindinaionepo. Anatsegula ndi wogulitsa tsiku limene ndinagula, ine ndinkangoyang'ana mtundu wa chikuto. Ndinaphunzira makina posomola malaya akale, ndinaphunzira kulemba ndi buku la nyimbo, koma izi palibe anandiuza ndipo ine sindinafunse, poti ndimadziwa zonse.

Njira yotsala ndi iyi: kupita kutauni, ku vila, ku loja, sitolo ya kampani ya foni, atseke kakhadi kakale ka m'foni, andipatse katsopano ka nambala yomweyo. Ndikatsegula Watsapu pa foni ina, ya wakubayo itsekeka yokha. Aprofesora ali ndi foni yakale yosweka galasi, akuti andibwereka.

Za Nafisa sindinawauze. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mufulumire, dona Zodiwa." Kaya akudziwa.

Lolemba, 14 Julayi

Ndabwerako ku vila chimanjamanja, ndipo ndasiyako mbiri.

Mzere wautali, mphepo ya mwera kulowa mpaka m'mafupa. Nditafika kutsogolo, mtsikana wa zikhadabo zofiira analemba nambala yanga pa kompyuta, n'kuyang'ana bilyete yanga, chiphaso cha boma chija, n'kuyang'ananso kompyuta.

"Mayi, nambala iyi si yanu. Ndi ya a Valentim."

Ndinali nditaiwala. Pamene ndinkagula kakhadi, bilyete yanga inali isanatuluke. Ine ndinabadwira ku kampu ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwerera opanda chikalata chilichonse, zanga zinachedwa zaka. Ndiye ndinalembetsa pa bilyete ya achimwene. Theka la Chiuta linachita zomwezo, uyu pa ya amalume, uyu pa ya apongozi.

Mtsikana uja akuti mwiniwake abwere yekha ndi bilyete yake. Ndinamenya tebulo. Ndinati nambalayo yakhala m'thumba mwanga zaka zisanu ndi ziwiri, aitane aliyense wa ku Chiuta amufunse. Ndinatinso zikhadabo zakezo zikusonyeza kuti sanagwirepo khasu. Iye osakweza mawu: "Mayi, ndikapereka nambala kwa aliyense wokuwa, mawa wina adzakuwa n'kutenga yanu." Mlonda anandiperekeza pakhomo.

M'chapa, minibasi yobwerera kwathu, ndinaganiza. Mwanayo akunena zoona. Ndipo zikhadabozo n'zokongola.

Koma achimwene a Valentim sitinalankhulane zaka ziwiri. Pa maliro a amayi ndinawauza pamaso pa anthu kuti abwera kudzadya mbuzi, poti miyezi isanu ndi itatu amayi akudwala sanaponde phazi. Pambuyo pake ndinamva kuti miyezi yomweyo alamu anga anali chigonere atapita padera, achimwene ndiwo ankawasambitsa. Ndinamva, koma sindinapite kukapepesa. Ndinati zimene ndinanena ndinanena.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndikulemba ndili ku Amaramba, pakhonde pa achimwene.

M'mawa ndikutsegula pogwirira ntchito, njinga inaima. Adamu, dengu la nsomba kumbuyo, kumwetulira mano onse, kunditcha titiya ngati ndine azakhali ake.

"Titiya, ndamva za foni. Pepani kwambiri. Akuti munalalikira pa thumba la chimanga ngati abusa."

Ndinati pita ukagulitse nsomba zako zisanaole.

"Akutinso munali mauthenga a anthu. Ine anyamata a pa siteshoni ndimawadziwa onse, amadya nsomba zanga. Ndikufunirani."

"Usandifunire."

"Aa, titiya, ndi chifundo chabe."

Anapalasa kulowera ku Entre Lagos, dengu losadzaza n'komwe. Adamu sapita kumsika ndi dengu losadzaza. Amadziwa kuti apongozi ake amakhala pa mpando wanga Lachisanu lililonse, ndipo si wopusa. Wakuba uja mwina ankangofuna kugulitsa foni adye, za Nafisa analibe nazo ntchito. Amene wauza Adamu kuti muli mauthenga ndine, ndi pakamwa panga, nditakwera pa thumba kuti ndimveke bwino.

Ndinatseka chitseko, madiresi a chikwati adikire. Njinga yamoto mpaka kuno, fumbi m'mano.

Achimwene ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Aonda, tsitsi layamba imvi. Anandiona patali koma sanasiye kusoka. Ndinagwada, ndinapereka moni, anayankha ngati akuyankha wa kalembera.

"Wabwera kwa ine kapena kwa bilyete yanga?" Nkhani inali itawafika kale, woyendetsa chapa ndi mlamu wa mnzawo.

Panjira ndinali nditakonza mawu okoma. Onse anathawa.

"Kwa bilyete."

Anasiya kusoka. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Zodiwa, ngakhale kunama pang'ono kuti mlongo wako amve bwino?"

Pamenepo ndinalira, ine amene sindinalire pa maliro. Ndinati za mbuzi zija ndinalakwa, ndinadziwa kalekale kuti ndinalakwa. Ndinawauzanso za Nafisa, popeza munthu sungamukweze njinga ulendo wonsewo osamuuza chimene akuthamangira. Anapinda ukonde.

"Za mkono unathyokawo ndinamva. Tinyamuka tambala woyamba."

Alamu andiphikira chinangwa ndi mlamba. Andiwonjezera m'mbale kawiri.

Lachitatu, 16 Julayi

Tinafika ku loja isanatsegulidwe. Mtsikana yemwe uja. Ndinamupepesa anthu akumva, poti ndinamunyoza anthu akumva. Anati palibe kanthu, amazolowera. Achimwene anasaina, kakhadi kakale katsekedwa, katsopano ndinakamanga pa ngodya ya kapulana mfundo ziwiri. Mtsikanayo watifotokozeranso zoyenera kubweretsa kuti nambala ilembedwe m'dzina langa. Achimwene akuti, "Uchite msanga, ndisanafe n'kupita nayo kumanda nambala yako."

Masana kwa aprofesora. Analowetsa kakhadi m'foni yosweka ija, manambala asanu ndi limodzi anabwera, Watsapu inatseguka. Mbee, yopanda kanthu, ngati nyumba yosamukamo. Akuti tsopano wakubayo sangalembenso m'dzina langa. Anandiikira loko, n'kuikanso pini ina ya Watsapu yeniyeniyo. Ndinayamba kunena mokweza manambala amene ndasankha, iwo anatseka makutu. "Ngakhale ine musandiuze!"

Ndinapuma. Ndinati tapambana. Ndiye foni inalira, uthenga wa mawu, nambala yopanda dzina.

"Titiya, ndalandira zimene munalemba dzulo madzulo. Amayi adwala chonchi osandiuza bwanji? Ndapempha kwa adona, ndikwera sitima ya Lachisanu. Mukandidikire pa siteshoni ku Entre Lagos monga mwanenera."

Mawu a Nafisa. Ine dzulo madzulo ndinali ku Amaramba ndikudya chinangwa. Adamu waipeza foni. Tachedwa ndi usiku umodzi.

Ndinaimba pompo. Anayankha mkazi wina, phokoso la galimoto kumbuyo. Akuti foni ndi yake, Nafisa amangobwereka, amagwira ntchito nyumba zoyandikana. Iye ali panjira ya ku maliro ku Gurue, abwera Lamulungu. Nambala ya adona a Nafisa alibe. Ndinafuna kumukalipira, koma ndimukalipire chiyani? Nayenso ndi Zodiwa wa kumeneko.

Aprofesora anamva zonse, panalibenso chobisa. Tinapita limodzi kwa a Anisa. Anamvera mawu a mwana wawo kamodzi kokha, sanapemphe kubwereza.

"Ine ndikachoka pano aona, anditsatira. Pitani inu, a Zodiwa. Pakamwa panu panapita patsogolo, miyendo itsatire."

Ndi mawu okhawo owawa amene andiuza sabata yonseyi. Ndawalandira.

Lachinayi, 17 Julayi

Cuamba. Chapa yoyamba, ndinakhala pa thumba la makala, msana ukudandaula.

Ulendo wonse ndinkayang'ana kumbuyo ngati pali njinga yamoto ikutitsatira. Ndinadzilimbitsa mtima kuti Adamu sangavutike kubwera kuno pamene akudziwa kuti mawa mbalame ibwera yokha m'manja mwake. Koma ikapanda kutsika sitima, geti akulidziwa, chithunzi ali nacho.

Nyumbayo ndinaipeza mosavuta, ndipo zimenezo zinandiopsa. Mawu aja ndinkangowamva ndikusoka, koma anandifikitsa pakhomo osafunsa munthu.

Nafisa anali akutsuka mapoto. Atandiona anagwetsa poto.

"Amayi amwalira?"

"Ali moyo. Ndawasiya akuyanika nsomba, ngakhale chimfine alibe."

Ndinamuuza zonse ndili chilili. Loko, dzina, thumba la chimanga, Adamu. Sindinadzichepetsere mlandu. Iye anakhala pa chidebe, akusisita mkono uja pamene unalumikizana mokhota. Wanenepa pang'ono, khungu lasalala. Kuseri kwa khitchini wabzala repu ndi anyezi m'matini, zamera bwino.

"Miyezi itatu ndagona tulo, titiya. Itatu yokha."

Ndinawerama n'kutola poto uja.

Kenaka anati uthengawo unamudabwitsa, chifukwa unayamba ndi "mwana wanga wokondedwa". Akuti titiya Zodiwa akanalemba kuti "amako adwala, bwera". Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Koma munthu akamva kuti mayi ake sakutha kulankhula, saima kuti ayese mawu.

Adona ake ndi mayi wamkulu wa magalasi, wolankhula Chimakuwa, tinkamvana ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka. Anavala nsapato n'kutitengera ku polisi, ku ofesi yoona za nkhanza za m'banja. Analemba zonse, za mkono, za foni, za uthenga wabodza. Akuti mnzake uja akabwera abweretse foni aone uthengawo, ndipo ine ndi a Anisa tikanenenso kwathu. Adona akuti Nafisa akhale, mpanda ndi wautali, galu alipo.

Nafisa wakana. Akuti sangakhale pamalo pamene nthawi iliyonse geti likagogodedwa mtima uziima. Adona anapita kuchipinda, anaimba foni kwa m'bale wawo wina, anabwera n'kumunong'oneza. Ine ndinali pomwepo. Ndinatuluka ndekha kukaona anyezi.

Lachisanu, 18 Julayi

Pa siteji ya machapa, dzuwa likutuluka. Ndikudikira yanga idzaze.

Nthawi ino anthu akukwera sitima ya ku Entre Lagos. Adamu akaima pa siteshoni, mwina wavala malaya abwino. Aime.

Katundu wa Nafisa ndi chikwama chimodzi ndi chidebe. Matini a ndiwo wawasiyira adona. Machapa anali anayi pamzere, oitanira akukuwa mayina a malo, aliyense kukoka chikwama. Nafisa anandipempha kuti nditsanzikane naye pano, pa benchi ya mayi wa tiyi, ndisamuperekeze kukakwera. Ndinamva kuwawa, sindinama. Pakamwa panatseguka kuti ndifunse kuti nanga amako ndikawauza kuti uli kuti. Ndinaikapo kapu ya tiyi.

Ndinatulutsa foni kuti ajambule mawu oti ndikawamveretse a Anisa, tsopano ili ndi loko, ndinamuonetsa. Anaikankha pang'onopang'ono ndi chala.

"Ayi titiya. Mukanene ndi pakamwa. Paja pakamwa muli napo."

Anandigwira dzanja n'kundiuza mawu a mayi ake, ena m'Chiyao, poti ndi mmene amalankhulirana awiriwo. Anandibwerezetsa katatu ngati mwana wa kalasi yoyamba, n'kundikonza pamene ndinapotoza lilime. Nambala yanga waiwerenga pamtima kawiri ine ndikumva. Akuti adzaimba yekha akakhazikika, tisamufunefune, kaya mwezi kaya iwiri.

Kenaka anasenza chidebe. Ine ndinatembenukira kwa mayi wa tiyi n'kuyamba kukangana naye za shuga wochepa, mokweza, mpaka machapa awiri atanyamuka. Sindikudziwa kuti anakwera iti.

Ndikafika ku Chiuta a Anisa adzakhala atachoka ku mzikiti. Mawu aja ndikuwabwereza chamumtima, onse alipo. Muno sindiwalemba.